Kodi kubereka ana ambiri kumateteza ku ziwengo ndi mphumu?

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp. Akuti ana akumudzi sadwala ziwengo kapena mphumu chifukwa amabadwa ambiri, akuti wachisamba yekha ndiye amavutika, ndiye musamavute ana ndi sopo.

Pali kachoonadi pang'ono. Mu 1989, David Strachan, katswiri wofufuza za matenda, anaunika ana oposa 17,000 a ku Britain obadwa mu 1958, n'kupeza kuti chimfine choyambitsidwa ndi mungu chinali chochepa mwa ana okhala ndi akulu awo ambiri. Koma izi ndi ziwerengero za gulu, sizilosera za mwana wanu. Mzime wa m'banja la ana asanu ndi atatu nayenso amabanika usiku, chifuwa chikulira ngati mluzu, makamaka ngati mphumu ili kumtundu kapena amakhalitsa m'khitchini yofuka utsi wa nkhuni. Za sopozo ndiye bodza loopsa. Kusamba m'manja kumateteza ku kolera ndi kutsegula m'mimba.

Uthenga ukati "madokotala apeza", funsani kuti madokotala ati, kuti, chaka chanji. Uthengawo ukapanda kuyankha mafunsowa, kafunseni alangizi a zaumoyo kapena kusikelo ya ana. Chonde, musautumizenso kwa ena.