Akafukufuku Sanabwere ndi Matipate, Ndipo Salemba Mayina a Thandizo

Achinyamata onyamula mafunso akafika m'midzi ya ku Bembeke kapena ku Lobi m'boma la Dedza, anthu ambiri amakhulupirira kuti abwera kudzalemba mayina a olandira thandizo, ndiponso kuti mabungwe awo anabadwa ndi ndale za matipate ambiri mu 1994. Zonse ziwirizi si zoona.

Bungwe la Centre for Social Research, la pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, linakhazikitsidwa mu 1979, m'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi UNICEF, kuti liziunika ngati ntchito za chitukuko zikupinduliradi anthu. Makampani apadera a ntchitoyi anachuluka pambuyo pake, ndipo samakula pogawa katundu, koma popambana makontirakiti a boma ndi a mabungwe othandiza, omwe amafuna umboni asanaikenso ndalama.

Pulogalamu ya makuponi a fetereza wotsika mtengo, imene inayamba mu 2005, ndi chitsanzo chabwino, pakuti akatswiri a zachuma Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward anaiunika kwa zaka zingapo podalira kwambiri mayankho a alimi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mlimi wa mbatata ya kachewere akabisa zokolola zake poyembekezera kulembedwa, lipoti limanyamula bodzalo mpaka ku Capital Hill, kumene limasokoneza ndondomeko yokhudza mudzi wake womwewo. Akafukufuku nawonso ali ndi udindo wofotokoza momveka bwino, pamaso pa amfumu, kuti sanabwere ndi thandizo.