Canneto, mudzi umene moto unkabuka magetsi atazimitsidwa

Kumpoto kwa chilumba cha Sicily, m'dziko la Italy, kuli kamudzi kotchedwa Canneto, m'dera la Caronia, chigawo cha Messina. Ndi nyumba zowerengeka zondandana m'kamsewu kamodzi, mbali ina nyanja, mbali ina njanji ya sitima zoyenda pakati pa Palermo ndi Messina. Chaka cha 2003 chisanathe, dzina la mudziwu linkadziwika kwa eni dera okha. Pofika mu February 2004, atolankhani a m'mayiko akutali anali piringupiringu m'kamsewu kaja.

Nkhaniyi idayamba ngati vuto wamba la magetsi. Chakumapeto kwa December 2003, TV ya m'nyumba ina idapsa. Palibe adadabwa kwenikweni, poti zipangizo zimapsa kulikonse. Koma m'masabata otsatira zidafalikira nyumba ndi nyumba: magetsi kungothima popanda chifukwa, bokosi la mafiyuzi kuyamba kufuka utsi, soketi kusungunuka pakhoma n'kusiya mwaye wakuda wokwera m'mwamba, mita kupsa. Kenako moto udayamba kugwira zinthu zosakhudzana n'komwe ndi magetsi, monga mipando, matiresi, ngakhale mphatso zaukwati zimene banja lina lidasunga m'chipinda.

Kampani ya magetsi ya ENEL idabwera, idayeza, ndipo pomaliza idadula magetsi m'mudzimo. Moto sudaleke. Pa 9 February 2004 akuluakulu a boma adasamutsa anthu 39, ndipo adakhala miyezi ingapo kunja kwa nyumba zawo.

Apa m'pamene mkangano wonse udabadwira, ndipo m'pofunika kuimapo pang'ono. Magetsi akamazimazima m'nyumba imodzi anzako ali nawo, wamagetsi wodziwa ntchito amakhala ndi poyambira. Waya womangidwa molobodoka m'soketi amatentha pang'onopang'ono mpaka pulasitiki kusungunuka. Waya wa neutral, amene amabweza magetsi kumene achokera, akaduka kapena kumasuka panjira yobweretsa magetsi, mphamvu imasokonekera, mababu ena kuwala mopitirira, ena kuchita chizimezime, zipangizo n'kumapsa m'nyumba zingapo nthawi imodzi. Chinyezi chikalowa m'khoma, switchi yoteteza nyumba imangogwa. Mudzi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere uli ndi vuto linanso, chifukwa mpweya wamchere umadya zitsulo polumikizira mawaya. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi: m'waya mukhale mukuyenda magetsi. Tsono nyumba yoti yadulidwa magetsi ikamapsabe, mayankho amatsala awiri basi. Mwina pali mphamvu ina yochokera kunja, apo ayi pali dzanja la munthu. Yankho lachiwirili ndi lowawa m'mudzi woti anthu ake ambiri ndi pachibale, ndipo sindidabwa kuti maso a ambiri adathamangira ku loyambalo.

Ena adaloza njanji, popeza sitima za ku Italy zimayendera magetsi, n'kumati mwina mphamvu ikudutsa pansi kulowa m'nyumba. Ena adakayikira nsanja za foni. Enanso adakumbutsa kuti Sicily ndi dziko la mapiri ophulika, Etna ali chakumwera, zilumba za Aeolian zili patsidya panyanja pomwepo. Akatswiri adabwera ndi zida zawo, adayeza nthaka, mpweya ndi mawaya, osapeza chogwirika. Wansembe Gabriele Amorth, amene ankadziwika ku Rome pa ntchito yotulutsa ziwanda, adauza atolankhani kuti iyi ndi ntchito ya Satana. Mawu akewo adayenda mtunda wautali kuposa zoyeza zonse za akatswiri.

Mu 2005 boma la Italy lidakhazikitsa gulu lapadera la asayansi, asilikali ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, motsogozedwa ndi Francesco Mantegna Venerando. Mu 2007 zina mwa zimene gululi lidalemba zidatulukira m'nyuzipepala. Zinkanena za mafunde amphamvu kwambiri a magetsi ndi maginito, osati achilengedwe, ndipo zidatsegula khomo la maganizo awiri: kuyesa zida zankhondo mwachinsinsi, kapena zinthu zochokera kunja kwa dziko lapansi. Kuyambira pamenepo Canneto adasanduka mudzi wa ma UFO, zinthu zouluka zosadziwika zimene ena amati n'zochokera kunja kwa dziko lapansi.

Ine apa m'pamene mtima umandipweteka. Mayi wa m'mudzi amene matiresi ake apsa usiku akanena kuti ndi ziwanda, ndimamumvetsa, chifukwa mantha amafuna dzina. Koma gulu lotumidwa ndi boma, lodya ndalama za misonkho, likatchula zinthu zimene silingathe kuzionetsa, limapatsa mphekesera chidindo. Munthu wamba angatsutse bwanji zimene zalembedwa ndi maprofesa ndi akuluakulu a asilikali?

Chonsecho panali ena amene adayang'ana pafupi, pa waya weniweniwo. A bungwe la CICAP, lomwe limafufuza nkhani zozizwitsa ku Italy, adanena kuti zinthu zopsazo zinkaonetsa kuti kutentha kudachokera kunja. Waya akapsa chifukwa cha magetsi, kutentha kumayambira m'kati, mu kopa, n'kumatuluka. Koma ukapeza pulasitiki yakunja yawauka pamene kopa wam'kati ali bwinobwino, ndiye kuti lawi lidachita kufikitsidwa pamenepo. Umboni wotere ndi wosasangalatsa kuuwerenga, n'chifukwa chake sudapeze malo aakulu m'manyuzi. Mu 2008 ofesi ya oimira boma pa milandu ku Mistretta, tauni ya m'chigawo chomwecho, idatseka kafukufuku wake ndi mfundo yomweyo, yoti motowo unkayatsidwa ndi munthu, ngakhale sadatchule kuti ndani.

Mlandu suola. Pakati pa chaka cha 2014 moto udayambiranso m'kamsewu komwe kaja, m'nyumba ndi m'zipinda zosungira katundu. Ulendo uno apolisi a Carabinieri sadalimbane ndi zoyeza maginito. Adatchera makamera obisika, n'kudikira. Mu March 2015 adamanga mnyamata wina wa m'mudzi momwemo, ndipo wachibale wake wina naye adalowa m'kafukufuku. Apolisi adati zithunzi zidamuonetsa akuzemba kupita pamalo pamene moto unkabuka patangopita kanthawi, ndipo cholinga chidali choti nkhani ya moto wodabwitsa idzukenso kuti boma lipereke chithandizo ndi chipepeso.

Wina angaganize kuti nkhani idathera pomwepo, koma ayi. Kumangidwako kudakhudza moto wa 2014. Wa 2004 udatsala monga adausiyira a ku Mistretta, wa dzanja la munthu wosatchulidwa dzina. Mpata umenewu ndi umene okhulupirira za zida zachinsinsi ndi ma UFO amaimapo mpaka lero. Iwo amati wa 2014 udali wongotsanzira, weniweni ndi woyamba uja. Otsutsa amayankha kuti zipsera za pa mawaya a 2004 zidanena kale zomwe makamera adadzaonetsa patapita zaka khumi. Ine ndili mbali ya otsutsawa, chifukwa iwo ali ndi chinthu choti munthu angachigwire m'manja n'kuchiyeza, pamene mafunde aja palibe chida chimene chidawagwira akuyatsa kanthu.

Amene adalipira mtengo wa zonsezi ndi mabanja a m'kamsewu kaja, amene ambiri mwa iwo sadalakwe chilichonse. Adagona m'malo ongobwereka, adataya katundu, ena ankachezera usiku kulondera nyumba zawo, ndipo nyumbazo zidasanduka zoti munthu sangazigule mosavuta. Atamangidwa mnyamata uja, adatsala ndi ntchito ina yovuta, yokhalabe khomo ndi khomo ndi anthu amene dzulo ankathandizana nawo kuzimitsa moto.