Quinceañera: kumene unachokera mwambo wa zaka 15 za mtsikana

Ku Mexico, mtsikana akamayandikira zaka 15 pakhomo sipakhala bata. Amayi ali kalikiliki ndi atelala, abambo akusakasaka holo ndi oimba, anzake a mtsikanayo akukumana madzulo kuyeserera magule. Akukonzekera quinceañera, mwambo womwe umachitikanso ku Cuba, Guatemala, Colombia, Peru, Argentina, Brazil komanso pakati pa anthu a m'mayikowa okhala ku United States. Mlendo ataona diresi ndi keke angayese ndi ukwati, koma mkwati palibe.

M'mabanja achikatolika tsikulo limayambira kutchalitchi ndi Misa yothokoza. Mtsikanayo amabwereza ndi pakamwa pake malonjezo a ubatizo amene ena anamunenera ali khanda, wansembe amadalitsa mphete, mendulo, Baibulo kapena kolona, kenako mtsikanayo amakatula maluwa pamaso pa chithunzi cha Maria wa ku Guadalupe. Kuholo amalowa ndi omuperekeza, atsikana otchedwa damas ndi anyamata otchedwa chambelanes. Mwa chikale ankakhala magulu 14 a awiriawiri kuti iye akhale wa nambala 15, ngakhale masiku ano ambiri amachepetsa. Pamene anthu amagwetsa misozi ndi pomwe bambo amagwada pamaso pa mwana wake, kumuvula nsapato zafulati ndi kumuveka zagogoda, n'kuvina naye gule wa waltz. Amapatsidwanso chidole chomaliza, chomwe ena amachisiyira mng'ono wawo.

Mukafunsa kumene izi zinachokera, ambiri amayankha mwachangu kuti ndi za makolo a Chiaziteki, mtundu umene unkalamulira chigawo chapakati cha Mexico Asipanya asanafike. Yankholi lili ndi pogwira. Buku la zithunzi lotchedwa Codex Mendoza, lomwe linajambulidwa patapita zaka pafupifupi 20 mzinda wa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, utagwa m'manja mwa Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, mu 1521, likusonyeza kaleredwe ka ana chaka ndi chaka. Likafika pa zaka 15, anyamata akuperekedwa kusukulu za calmecac ndi cuicacalli, ndipo patsamba lomwelo pali ukwati, mtsikana ndi mnyamata atakhala pamphasa zovala zawo zitamangidwa mfundo. Wansembe wa chipani cha Francisko Woyera, Bernardino de Sahagún, analembanso malangizo ataliatali amene bambo ndi mayi ankapereka kwa mwana wamkazi akasinkhuka: adzuke m'mamawa, aphunzire kuomba nsalu ndi kuphika, asachititse manyazi mtundu wake. Choncho msinkhu umenewu unali ndi tanthauzo Asipanya asanafike.

Koma palibe Mwaziteki anavinapo waltz. Diresi lotambalala, chisoti chachifumu ndi gulu la omuperekeza zikununkhira nyumba zachifumu za ku Ulaya, komwe mabanja olemera ankaonetsa ana awo aakazi kudansi kuti adziwike kwa mabanja ena olemera, n'cholinga choti apeze banja loyenera. Ku Mexico khalidwe lotere linapeza nthaka yabwino m'zaka za m'ma 1800. Kuyambira 1864 mpaka 1867 dzikolo linali ndi mfumu yochokera ku Austria, Maximilian, yomwe inaikidwa ndi asilikali a France, ndipo iye ndi mkazi wake Carlota ankakhala m'nyumba yachifumu ya Chapultepec motsata miyambo ya ku Ulaya. Maximilian anaphedwa ku Querétaro mu 1867, koma kukonda za Chifalansa kunapitirira, makamaka mu ulamuliro wautali wa Porfirio Díaz womwe unatha mu 1911. Akatswiri a mbiri sagwirizana kuti ndi mtsinje uti unathira madzi ambiri, wa Chiaziteki, wa Mpingo kapena wa madansi a olemera. Ine ndikuona kuti mwambo monga ulili lerowu ndi waung'ono m'zaka kuposa mmene eni ake amakondera kunenera: unali wa mabanja opeza bwino a m'mizinda, ndipo m'zaka za m'ma 1900 anthu wamba anautenga n'kuusandutsa wawo.

Kutengako ndiye kunasintha zonse. Wolemera amalipira phwando yekha. Mlimi kapena wogulitsa mumsika sangathe, ndiye amapita kwa achibale ndi anansi kukapempha kuti akhale padrinos. Poyamba awa ndi makolo a ubatizo, koma pa quinceañera amachuluka: wina atenga keke, wina diresi, wina oimba a mariachi, wina zithunzi. Amene wavomera udindo wotere walowa ubale ndi makolo a mwanayo, ubale womwe sutha phwando likatha, ndipo mawa mwana wake akafika zaka 15 nayenso adzagogoda pakhomo pomwepo. Mtsikana akaima pakati pa holo, chilichonse wavala chili ndi dzina la munthu amene anachigula. Owerenga a kuno angakumbukire chinamwali, koma kusiyana kwake n'kwakukulu: chinamwali chimatsata kutha msinkhu ndipo malangizo amaperekedwa ndi anamkungwi mobisika, pomwe quinceañera imatsata kalendala ndipo zonse zimachitika pagulu, bambo ali patsogolo.

Tanthauzo lakale lakuti mwanayu tsopano akhoza kukwatiwa lafota, ndipo n'kwabwino kuti latero. Mu 2019 Mexico inasintha malamulo ake kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zolankhula za makolo paphwando masiku ano zimakamba za sukulu ndi udindo. Mpingo nawo unaona kuti mwambowu wakula: maepiskopi a ku United States anakonza mwambo wa madalitso a tsikuli, Vatican inauvomereza mu 2007, ngakhale kuti si sakramenti. Maparishi ambiri amafuna kuti mtsikana ayambe waphunzira kaye asanadalitsidwe.

Zodandaulitsa zilipo. Pali mabanja amene amalowa m'ngongole zaka zingapo chifukwa cha usiku umodzi, ndipo amalonda a madiresi, maholo ndi magalimoto ataliatali amadziwa bwino kuti kholo silifuna mwana wake achepe pamaso pa anzake. Ndalama zimenezo zikanatha kulipira maphunziro, ndipo ansembe ena amanena zimenezi poyera. Atsikana ena amasankha ulendo m'malo mwa phwando. Komabe sindingathe kudzudzula mayi wotsuka m'nyumba za anthu ku Los Angeles, yemwe kwawo kumudzi sanachitiridwe mwambowu chifukwa cha umphawi, akafuna kuti mwana wake aimirire tsiku limodzi anthu onse akumuyang'ana mwaulemu.

Kwa anthu osamukira ku United States, diresi limeneli lasanduka chizindikiro cha mtundu. Mu July 2017, atsikana 15 anavala madiresi awo a quinceañera n'kukaima pamakwerero a nyumba ya malamulo ya Texas ku Austin, kutsutsa lamulo la SB4 lomwe linkalola apolisi kufunsa anthu amene awagwira ngati ali ndi zikalata zokhalira m'dzikomo. Anavina, analankhula, kenako analowa m'maofesi a aphungu kukapereka maluwa kwa amene anakana lamulolo.