Mnzanu akagwa pa sikafodi, musamunyamule mwaphuma

Pamalo ambiri omangapo nyumba, sikafodi imakhala ya mitengo ya bulugamu yokhoma ndi misomali, pamwamba nkuyala matabwa amene agwira kale ntchito panyumba zina. Thabwa lotere likanyowa ndi mvula, nkusenza njerwa, ndowa ya daka ndi anthu awiri, limathyoka mwadzidzidzi. Kugwa kuchokera pa mamita awiri okha kungathyole msana kapena kuvulaza ubongo.

Kapitawo aziyendera sikafodi m'mawa uliwonse anthu asanakwere, makamaka mvula ikagwa usiku. Mitengo isaimikidwe pa njerwa zosanjikiza kapena pa dothi lofewa, ndipo isayandikire mawaya a magetsi. M'mbali mukhale mtengo wotchinga wofika m'chiuno. Wokwera avale helemeti ndi nsapato zotseka, osati masilipasi.

Ngozi ikachitika, chifundo chenichenicho ndicho chimapweteka munthu. Anzake amathamanga, wina miyendo wina mikono, nkumukweza pa kabaza. Ngati fupa la khosi kapena la msana lathyoka, kunyamula kotere kungaphe ziwalo zake moyo wonse, pamene mwina akanachira.

Musiyeni agone momwe wagwera, pokhapokha ngati pali china chomwe chingamugwere. Mmodzi agwade kumutu, augwire ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Musamudzutse, musamumwetse madzi, musayese kuwongola fupa. Pomwe pakutuluka magazi dinikizanipo ndi nsalu yoyera. Ngati ambulansi palibe, anthu anayi kapena kuposa amugoneke pa chitseko kapena thabwa lalikulu, mutu, khosi ndi msana zili pamzere umodzi, nkumuika m'galimoto momwe angagone chotambalala.

Wina amadzuka nkudzisasa fumbi, nkunena kuti ali bwino, poopa kudulidwa ndalama za tsikulo. Ameneyonso apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa magazi otuluka mkati mwa mutu amatha kuonetsa zizindikiro patapita maola. Usiku umenewo asagone yekha. Akayamba kusanza, kumva mutu kwambiri, kusokonezeka, kuvuta kudzuka, kuchita dzanzi, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Ku Malawi, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukuta misozi kwa wovulala pantchito. Sungani mapepala onse akuchipatala, ndipo ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.