Kodi kutsegula zenera n'kokwanira pothana ndi utsi wa fodya?

Nthawi zonse boma likaletsa kusuta fodya m'malo opezekamo anthu ambiri, pamabuka mphekesera yakuti utsi wa munthu wina suvulaza, bola mutsegule zenera kapena osuta akhale mbali yawoyawo. Izi si zoona.

Utsi sudziwa malire. Lowani m'malo odyera momwe osuta apatsidwa ngodya yawo, mukhalemo ola limodzi, kenako mununkhize malaya anu potuluka. Chimene chakakamira pansalupo ndi chomwenso chalowa m'mapapo mwanu. Nanga woperekera zakudya amene amaswera momwemo tsiku ndi tsiku? Ameneyu ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa sanasankhe kusuta, koma amapuma utsiwo pofuna kudyetsa banja lake. Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu osasuta oposa 1 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha utsi wa anzawo. Zenera kapena fani zimangochepetsa fungo, poizoni amatsalabe.

Ena amati lamuloli limalanda ufulu wa osuta. Dziko la Ireland litaletsa kusuta m'malo ogwirira ntchito mu 2004, kuphatikizapo m'mabala, fodya ankagulitsidwabe. Wofuna kusuta ankangotuluka panja. Ku Scotland lamulo lotere linayamba mu 2006. M'zipatala 9 za kumeneko zimene ofufuza anaziunika lamuloli litayamba, anthu ogonekedwa chifukwa cha kudwala mtima mwadzidzidzi anachepa ndi 17 peresenti, ndipo mbali yaikulu ya kuchepako inali pakati pa anthu osasuta.