Kodi apolisi akapanda kukuuzani ufulu wanu, mlandu umatha?

Pa WhatsApp ndi Facebook pamazungulira nkhani yoti apolisi akakumangani osakuuzani kuti muli ndi ufulu wokhala chete, basi mlandu wafera pomwepo, woweruza akumasulani. Limeneli ndi bodza.

Gwero lake ndi mafilimu a ku America, momwe wapolisi amalakatula mawu aja uku akumanga munthu unyolo. Lamulo loti apolisi azipereka chenjezo limeneli linayamba ku Americako mu 1966, pa mlandu wa Miranda v. Arizona. Ernesto Miranda anavomera kupolisi kuti anaba mtsikana n'kumugwiririra, koma sanauzidwe kuti akhoza kukhala chete kapena kuitana loya. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti zimenezi zinaphwanya malamulo oyendetsera dziko, choncho mawu ovomerawo sangakhale umboni.

Ofalitsa mphekesera nkhaniyi amaisiyira pomwepa. Chonsecho mu 1967 Miranda anazengedwanso mlandu womwewo, mawu ake ovomera aja atachotsedwa. Mayi amene ankakhala naye anachitira umboni kuti bamboyo anamuululira zonse, ndipo anapezekanso wolakwa.

Ndiye kuti khoti limataya mawu ovomerawo basi. Mboni ndi umboni wina zimatsala. Ndiponso ku Americako chenjezoli limafunika apolisi akamamufunsa mafunso munthu amene ali m'manja mwawo, osati pongomumanga.

Nanga wovomera chifukwa chomenyedwa? Pangano la United Nations la 1984 loletsa kuzunza anthu limati mawu otero asalandiridwe ngati umboni. Komabe pakakhala mboni zina, mlandu ukhoza kupitirira.