Mafuta ophikira si opangira pepala lolowetsa kuwala

Dandaulo limene limandifika kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi a zaluso, amayi opanga makadi a ukwati ndiponso achinyamata okonza nyali zokongoletsera pa Khirisimasi limakhala limodzimodzi. Anapaka pepala mafuta ophikira kuti lizilowetsa kuwala, poyamba linaoneka bwino, koma patangopita milungu ingapo linayamba kununkha, linasanduka lachikasu, ndipo linathimbiriritsa chilichonse chimene linagundana nacho m'kabati. Amafuna ndiwauze mankhwala ochotsera fungolo. Mankhwala otero kulibe, ndipo pepala lotero ndi lotaya basi. Ndatopa kuona anthu akuwononga mapepala ogula ndi ndalama zosowa chifukwa cha timakanema ta pa intaneti timene timaonetsa pepala pa tsiku loyamba lokha, osaonetsa mmene limakhalira mwezi ukatha.

Kuti mumvetse pamene pagona vuto, muyenera kudziwa chimene chimachititsa pepala kukhala loyera. Pepala ndi timaulusi ta mitengo kapena ta thonje topiringizana, ndipo pakati pa timaulusito pali timipata todzaza mpweya. Kaulusi kamodzi pakokha sikatchinga kuwala kwenikweni. Chimene chimachitika n'chakuti kuwala kumakhota nthawi iliyonse kukachoka mu ulusi kulowa mu mpweya, ndi kukhotanso kukabwerera mu ulusi, ndipo popeza zimenezi zimachitika kambirimbiri m'pepala limodzi, kuwalako kumamwazika n'kubwerera m'maso mwathu. Asayansi ali ndi mlingo woyezera mmene chinthu chimakhotetsera kuwala: mpweya uli pa 1.0, madzi pa 1.33, mafuta ambiri pafupifupi 1.47, ndipo ulusi wa pepala uli pamwamba pang'ono pa 1.5. Mukachotsa mpweya m'timipata tija n'kuikamo chinthu chimene mlingo wake wayandikana ndi wa ulusi, kuwala kumadutsa mosamwazika kwambiri. N'chifukwa chake pepala lokulungira mandasi limaonekera pamene padontha mafuta. Wasayansi Robert Bunsen wa ku Germany anagwiritsa ntchito dontho lotereli m'zaka za m'ma 1840 poyerekeza mphamvu ya kuwala kwa nyali ziwiri.

Choncho chamadzimadzi chilichonse chingathe kukusangalatsani tsiku loyamba. Funso lofunika n'lakuti chimene mwathiracho chidzakhala chiyani mawa. Madzi amauma, pepala n'kubwerera mwakale litachita makwinya. Palafini amauluka, ndipo pamene akuuluka amakhala akudikira kamoto kamodzi kokha. Mafuta ophikira, kaya a mtedza, a soya kapena a mpendadzuwa, salimba bwino m'pepala: amakhala onata, amayenda kuchoka pepala ili kulowa lina, amakola fumbi, amasasa, ndipo fungo lake limaitana mphemvu, nyerere ndi makoswe. Mafuta odzola ana sasasa, koma saumanso mpaka kalekale, kotero khadi la ukwati lopakidwa mafuta amenewa limadetsa envulopu lisanafike kwa woitanidwa.

Amisiri akale sankapaka mafuta aliwonse amene awapeza. Cennino Cennini, wojambula wa ku Italy amene analemba za ntchito yake cha m'ma 1400, anafotokoza kuti pepala lokopera zithunzi ankalipaka mafuta a linseed, ochokera ku njere za fulakesi, n'kulisiya kuti liume bwinobwino. Ku China maambulera a mapepala ankawapaka mafuta a mtengo wa tung, mtengo womwewo umene minda yake ya ku Viphya inachititsa kuti Mzuzu ayambe kukula kuyambira mu 1947. Mafuta awiriwa ali m'gulu la mafuta ouma: akakumana ndi mpweya amasintha n'kukhala kachikopa kolimba kamene sikayendanso. Ngati mwasankha njira imeneyi, pakani pang'ono kwambiri ndi kansalu, pukutani otsala onse mpaka pepala lisamanyezimire, ndipo pachikani pepala lililonse palokha pamalo opita mphepo kwa masiku angapo, mwinanso kuposa mlungu nyengo ikakhala yachinyezi. Dziwaninso kuti linseed amachita chikasu pakapita nthawi, makamaka pepala likamasungidwa mumdima, ndiponso kuti amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira nthawi zambiri amakhala osakaniza ndi mankhwala ofulumizitsa kuuma, kotero pepala lake si lokulungira chakudya kapena lopatsa mwana wamng'ono amene amaika zinthu m'kamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene opanga timakanema aja satchula, ndipo kusatchula kwawo kumandikwiyitsa. Mafuta ouma akamalimba amatulutsa kutentha. Pa pepala limodzi lopachika, kutenthako kumangopita ndi mphepo. Koma nsanza zopukutira mafutawa zikaunjikidwa m'katoni kapena m'dengu la zinyalala, kutentha kumasowa potulukira, kumawonjezeka pang'onopang'ono, mpaka nsanzazo zimayaka zokha popanda munthu kukhwatcha machesi. Izi si nthano. Pa 23 February 1991 nyumba yosanja 38 ya One Meridian Plaza mumzinda wa Philadelphia ku America inayaka kwa maola oposa 19, ozimitsa moto atatu anamwalira, ndipo ofufuza anapeza kuti motowo unayambira pa nsanza zonyowa ndi linseed zimene anthu okonza matabwa anazisiya mulu. Nsanza zanu muziyanika panja chimodzichimodzi, zotambasula, kutali ndi denga la udzu, kapena muzizimiza m'madzi m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro. Mapepala osauma musawasanjikize.

Kwa munthu wogwira ntchito kunyumba kapena m'kalasi, ine ndimalimbikitsa phula ndi simbi. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo la kandulo woyera wamba limasungunuka cha pomwepo kapena kutsikirapo, ndiye kuti simufunika moto waukali ayi. Palani kandulo kapena phula ndi mpeni kuti mupeze tizidutswa topyapyala, yalani nyuzipepala zakale pa tebulo, ikani pepala lophikira makeke pamwamba pake, kenako pepala lanu. Wazani tizidutswa tija mosachulutsa, vundikirani ndi pepala lina lophikira makeke, ndipo sitani ndi simbi yofunda chabe, kuyambira pakati kupita m'mbali. Mudzaona pepala likuda pang'ono pamene phula likulowa, ngati lanyowa, ndipo mukalikweza kuloza pawindo mudzaona timawanga toyera pamene phula silinafike. Pamenepo wazaninso pang'ono. Pomaliza ikani pepalalo pakati pa mapepala awiri opanda ntchito n'kusitanso kuti amwe phula lochuluka, chifukwa phula lotsalira pamwamba ndilo limachititsa pepala kuoneka lachifunga ndi kusweka popinda. Ngati simbi yanu ndi yamakala, idikireni izizireko ndipo onetsetsani kuti sikugwetsa phulusa lamoto. Mukangoona utsi, dziwani kuti mwapyola muyeso.

Pepala lopyapyala limapereka zotsatira zabwino kuposa lochindikala. La muofesi la magalamu 80 limatheka, ngakhale kuti silionekera kwambiri. Lonyezimira la m'magazini limakana chifukwa linakutidwa kale ndi dongo loyera, ndipo la nyuzipepala limachita chikasu lokha ngakhale musalipake kanthu. Lembani kapena jambulani musanapake, popeza pambuyo pake inki sigwira, ndipo yesani kaye pa kachidutswa chifukwa inki ya bolopeni imasungunuka m'mafuta pamene zolemba za fotokope zimamata pa simbi yotentha. Pepala lopakidwa kale musalilowetse m'makina osindikizira. Guluu wamba sagwira pa phula, choncho muzisoka, kupinda kapena kumenya sitepula. Ndipo chonde musayesere pa satifiketi, pa chithunzi cha makolo kapena pa kalata imene ilipo imodzi yokha, chifukwa phula kapena mafuta zikalowa mu ulusi sizitulukanso zonse.

Chimene ndimaletsa mwamphamvu ndicho kusungunula makandulo m'chitini chotereka pa mbaula kuti muviikemo pepala. Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandipwetekabe mtima. Anali ndi dzanja labwino pojambula, ndipo ankafuna kupanga nyali za mapepala zoti agulitse kuti apezeko ndalama ya mayeso. Anatereka chitini cha makandulo pa makala, n'kupita kukadula mapepala. Phula linatentha mpaka kufuka utsi, kenako linayaka. Iye anachita chimene aliyense wosauzidwa angachite: anathirapo madzi. Madzi akagwera m'phula lotentha chotero amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuwaza phula loyakalo ponseponse, ndipo lawi linamugwira dzanja lamanja ndi mbali ya khosi. Mpaka pamenepo inali ngozi yoti madokotala akanaichepetsa. Koma achibale ndi oyandikana nawo anabwera aliyense ndi nzeru zake, wina mankhwala otsukira mano, wina dzira laliwisi, ndipo pambuyo pake anapita naye kwa munthu wina wodziwika m'deralo kuti amachiza zilonda za moto, amene anaboola matuza n'kumatapo ufa wakuda wosadziwika. Anafika kuchipatala bala litayamba kale kutulutsa mafinya ndi kununkha, thupi likutentha. Moyo wake unapulumuka, koma zala ziwiri zinapola zitakokana, ndipo pamene ndinamuona akuyesa kugwira pensulo, ankaipanikiza pakati pa chala chachikulu ndi chikhatho chifukwa zinazo sizinkatambasuka. Chimene chinalanda dzanja limenelo si phula lokha ayi, komanso masiku amene anatayika pakati pa moto ndi chipatala.

Ndiye mverani bwino. Ngati mukufunadi phula lamadzimadzi, ikani chitini m'poto wa madzi otentha, chifukwa madzi sapyola madigiri 100 ndipo phula silingayake pa kutentha kotero, ndipo musachokepo. Likayaka, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musathire madzi, musanyamule chitinicho kuti mukachitaye panja. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, osati ayezi, vulani mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe, musasende phula kapena nsalu imene yamatirira pakhungu, musaboole matuza, ndipo phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta, phulusa, dothi kapena masamba. Kupsa kwa pankhope, padzanja, pa mfundo za thupi kapena kwa mwana kumafuna chipatala tsiku lomwelo, ngakhale wopsayo atanena kuti sakumva kupweteka, chifukwa bala lozama kwambiri nthawi zina ndilo silipweteka, popeza mitsempha yomvera imakhala itapsa.

Posachedwapa ndayambanso kumva za anthu amene akuuzana kuti pepala likaviikidwa mu asidi wa batire ya galimoto limasanduka longa logula. Mfundoyi ili ndi gwero lake: kuyambira m'zaka za m'ma 1850 mafakitale a ku Ulaya akhala akudutsitsa pepala mu asidi wa sulfuric kwa masekondi ochepa, kuti pamwamba pa ulusi pasungunuke n'kutseka timipata, kenako n'kulitsuka ndi madzi ambiri. Koma kumeneko mphamvu ya asidi, kuzizira kwake ndi nthawi yake zimayezedwa ndi makina, ndipo ogwira ntchito amavala zodzitetezera. Asidi wa batire ndi wochepa mphamvu kuposa amene amafunika pa ntchito imeneyi, kotero sakupatsani pepala labwino, komabe ndi wokwanira kuboola chovala, kutentha khungu ndi kupha diso, ndipo wa m'batire yakale amakhalanso ndi mtovu. Aliyense wokuphunzitsani zimenezi sanazichitepo, kapena sasamala za maso anu. Asidi akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 20, diso lili lotsegula, ndipo thamangirani kuchipatala osadikira kuti muone ngati kuwawa kuleke.

Pepala lokopera mapulani limene limagulitsidwa m'masitolo a mabuku silikhala ndi mafuta nthawi zambiri. Ulusi wake umapunthidwa nthawi yaitali m'madzi mpaka kufewa, kotero pouma umagwirana osasiya malo a mpweya. Opanga mapepala pamanja amachita zofanana ndi ulusi wa abaca, mbewu ya ku Philippines ya mtundu wa nthochi, ndipo amene amadziwa kupanga pepala ndi makungwa a nthochi zathu angayese kupuntha nthawi yotalikirapo ndi kupanga pepala lopyapyala, n'kuliumitsa litapanikizidwa chifukwa limakhwinyata kwambiri. Ngati cholinga chanu n'kungokopera chithunzi kapena patani ya chovala, gulani pepala limeneli kapena gwiritsani ntchito lophikira makeke, ndipo mudzapeza kuti n'zotsika mtengo kuposa mapepala amene mukanawononga.

Za nyali zokongoletsera, lamulo langa m'kalasi silisintha: m'nyali ya pepala lopakidwa phula kapena mafuta simulowa kandulo, koloboyi kapena babu lotentha, chifukwa pepala lotero lili ndi zonse zimene kandulo ali nazo, ulusi ndi phula, ndipo limayaka lonse nthawi imodzi. Ikanimo timagetsi ta LED toyendera mabatire, timene timapezeka m'misika yambiri, ndipo nyaliyo muisunge pamthunzi, chifukwa dzuwa la mu October likaiwomba pawindo kapena m'galimoto yotseka, phula limafewa n'kuyamba kumatirira.